Matambula Anu Akuphedwa ndi Mchenga

FUNSO: Pa ukwati wathu tinalandira matambula agalasi 12, koma lero atsala 5. Ena ndimangowapeza atang'aluka m'kabati popanda wowakhudza, ina inandiswekera m'manja ndikuthira tiyi. Kusamala ndimawasamala: ndimawakwecha ndi mchenga pamodzi ndi mapoto, akauma n'kuwalowetsana. Kodi ndigule kabati ina, kapena alipo akundichita chipongwe? Mayi wodandaula, Nkando, Mulanje.

YANKHO: Mayi, ndalama ya kabatiyo muguliremo zina, ndipo musakayikire munthu. Aliyense wolemba za matambula amathamangira kuimba mlandu kabati, chonsecho tambula imafika m'kabati itavulala kale. Nkhani yonse yagona pa mchenga umene mwautchula mongodutsawo. Njere za mchenga n'zolimba kuposa galasi, choncho mukamakwecha mumasiya timizere tambirimbiri, tina tosaoneka n'komwe. Poto akagunda pansi amangopindika, koma galasi silipindika, limang'aluka kuyambira pamene pali kamzere. Kaonereni odula magalasi a mawindo ku Limbe: amangolemba mzere umodzi ndi kachitsulo, n'kupsinja pang'ono, galasi n'kuthyoka motsata mzerewo. Inu mzere wotero mumaulemba tsiku lililonse lotsuka.

Tambula yokandikayo mukailowetsa mu inzake, yam'kati imakankha milomo ya yakunja usiku wonse, ndipo wina akangomenyetsa chitseko cha kabati, kamzere kaja kamasanduka mng'alu. Za tiyi nazonso n'zosadabwitsa. Galasi limachedwa kufalitsa kutentha, ndiye mukathira chamoto, m'kati mumafutukuka kunja kusanafunde. M'mawa wa chiperoni, mu Juni kapena Julaye, tambula yagona m'kabati yozizira siingapirire madzi ochokera pamoto. Tiyi ndi wa m'kapu, ndipo pamenepa sindinyengerera.

Mwina munena kuti popanda mchenga matambula sawala. Chimene chimawachititsa chifunga nthawi zambiri ndi mikwingwirima ya mchenga womwewo, ndipo imeneyo siichokanso. Ngati ndi zoyera zotsalira za madzi a pamjigo, madzi a ndimu kapena viniga amachotsa. Tsukani matambula poyamba, paokha, m'beseni lapulasitiki, ndi sopo, madzi ofunda ndi chinkhupule chofewa, mapoto ndi masipuni zisanalowemo. Mwina munenanso kuti malo ndi ochepa. Matambula asanu sangalephere kuima paokhapaokha pa shelefu imodzi, motalikirana pang'ono, kutali ndi m'mphepete komanso pamene mwana sangafikire. Ngati mukuwavundikira poopa fumbi ndi mphemvu, ayambe aumiratu ndipo muyale kansalu koyera pansi, chifukwa mlomo ndiye malo osalimba pa tambula. Pathandala musawasiye mpaka madzulo, poti pamakwera nkhuku ndipo ana amasewera pomwepo. Awiri akakanirirana musawakoke mwamphamvu: thirani madzi ozizira m'yam'kati, yakunja muiviike m'madzi ofunda, adzalekana okha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi asanu otsalawo, chifukwa nawonso akwechedwa. Ayang'aneni padzuwa imodziimodzi. Iliyonse yokhala ndi mng'alu kapena yobenthuka pamlomo itayidwe lero, ngakhale ndi mphatso ya ukwati. Khalidwe lopatsa ana tambula yobenthuka, n'kusungira alendo zabwino, ndimadana nalo kwambiri, chifukwa mlomo wa mwana ndi umene umachekeka msanga. Ana amwere m'makapu apulasitiki kapena achitsulo. Zidutswa musazitaye kudzala kapena kudimba kumene anthu amayenda opanda nsapato. Zikulungeni m'pepala n'kuziponya m'chimbudzi chokumba, ndipo pansi mupukute ndi pepala lonyowa kuti mutole tizidutswa tomwe tsache latisiya. Wina akachekeka, psinjani bala ndi nsalu yoyera. Ngati galasi lalowa kwambiri musalizule, psinjani m'mbali mwake, ndipo ngati magazi sakuleka kapena chala chachita dzanzi, pitani kuchipatala msanga, mukafunsenso za katemera wa kafumbata. Mukadzagula atsopano pamsika wa Nkando, sankhani a milomo yokhuthala, muwakulunge paokhapaokha musanakwere minibasi, ndipo mchenga muusiyire mapoto.