Phunziro: Kukonza Vuto la Madeti pa Makina Akale Oyezera Radiation

Alangizi anzathu, malangizo amene timapereka kwa alimi amachokera ku zotsatira za kafukufuku. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa fosifolasi amene chimanga chatenga mu feteleza, akatswiri amasakaniza fetelezayo ndi fosifolasi wapadera wotchedwa P-32, amene amatulutsa cheza chosaoneka cha radiation. Kenaka amayeza chezacho m'masamba a mbewuyo.

Gwero la vuto

Mphamvu ya P-32 imatsika ndi theka pa masiku 14.3 aliwonse. Choncho makina amayenera kuwerenga masiku amene apita chipangidwire mankhwalawo. Akaphonya tsiku limodzi lokha, zotsatira zimalakwika ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, ndipo malangizo a feteleza amalakwikanso.

Makina ambiri akale amasunga chaka ndi manambala awiri okha, kotero kuti chaka cha 2000 chitafika, ena anachiyesa 1900. Ena sanazindikire tsiku la 29 Febuluwale 2000. Komanso batire la wotchi ya m'kati likatha, kompyuta ya DOS imabwerera ku 1980.

Njira yosaboola m'thumba

Chimene makina amafuna si deti lenileni ayi, koma chiwerengero cholondola cha masiku a pakati pa madeti awiri.

1. Yambani ndi batire. Likakhala lofooka, lisintheni.

2. Bwezani wotchi m'mbuyo ndi zaka 28, pakuti kalendala imabwereza ikatha nyengo imeneyi. Mwachitsanzo, kalendala ya 2026 ndi yofanana ndi ya 1998.

3. Deti limene mankhwala anapangidwa mulibwezenso ndi zaka zomwezo. Mukabweza deti limodzi lokha, mwakulitsa vutolo.

4. Kuyambira 2028, bwezani zaka 32. Maina a masiku adzasemphana, koma 29 Febuluwale adzagwa pa malo pake.

5. Yesani makinawo: chinthu chimene chinapereka 8,000 chiyenera kupereka pafupifupi 2,000 patapita masiku 29.

6. Matani chikalata pa makinawo chonena zaka zimene zachotsedwa, ndipo pa lipoti lililonse lembani deti lenileni ndi cholembera.

Chenjezo

Ntchitoyi ndi ya pa wotchi ndi pulogalamu basi. Musatsegule chotchinga chimene chimasunga gwero la radiation; imeneyo ndi ntchito ya amisiri ovomerezeka ndi boma la dziko lanu.

Funso lokambirana

Mukalandira zotsatira kuchokera ku dziko loyandikana nalo, kodi mumafunsa deti limene makina awo ankasonyeza?