Mankhwala a maso ndi tizilombo ta m'matumbo

Amene mwakhalitsa kuno ku Nkhotakota mukukumbukira azaumoyo akuyenda m'midzi atanyamula ndodo yoyezera msinkhu. Mwana ankaima pandodopo, iwo n'kudziwa mlingo wa mankhwala ake. Mankhwalawo anali azithromycin, olimbana ndi trachoma, matenda a maso amene ntchentche zimafalitsa zikatera pa manthongo. Ankamwedwa kamodzi pachaka basi. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti trachoma si vutonso lalikulu m'Malawi.

Koma si diso lofiira lililonse limene lili ndi trachoma. Alipo matenda ena otchedwa rosacea, amene amagwira khungu la kumaso ndi zikope. M'mphepete mwa chikope, pafupi ndi nsidze, muli timabowo totulutsa mafuta. Mafutawo amakuta misozi kuti isaume msanga. Timabowoti tikatsekeka, diso limauma, limafiira, limanyerenyetsa ngati mwalowa mchenga. Dzuwa la panyanja ndi mphepo ya mwera zimangowonjezera. Zikavuta, adokotala amapereka doxycycline, ndipo ameneyu ndi wa milungu yambiri, mwina miyezi.

Kapisozi sapita kudiso molunjika. Amayamba watsikira m'matumbo, kenaka magazi ndiwo amanyamula mankhwalawo kukafika nawo kuchikope. M'matumbomo mumakhala tizilombo tochuluka zedi, tosaoneka ndi maso. Tambiri ndi tabwino. Timathandiza kugaya chakudya, timapanga mavitamini ena, timatsekerezanso malo kuti toyambitsa matenda tisakhazikike. Tsono mankhwala sasankha. Ali ngati neti ya udzudzu ikaponyedwa m'nyanja, imakokolola nsomba zazikulu ndi tiana tomwe. Kumwa kamodzi pachaka, tabwino tija timapeza mpata woswananso. Kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, mpatawo umachepa. N'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba, amayi ena amamva kuyabwa kumalo obisika.

Palinso china. Tizilombo tolimba timene tapulumuka timaswana, ndipo ana ake samva mankhwala. Ku Mangochi, ofufuza anapatsa ana aang'ono azithromycin kawiri pachaka, ndipo anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwalawo tinachuluka m'matumbo mwawo. Ngati zikutero ndi mankhwala oyezedwa bwino, nanga makapisozi ogula pamsika, awiri lero, atatu mkuja?

Adokotala akakulemberani doxycycline, imwani ndi madzi okwanira kapu yodzaza, ndipo musagone nthawi yomweyo, chifukwa amawotcha kummero. Musamwere mkaka. Mankhwalawa amachititsa kuti khungu lipse msanga padzuwa, choncho asodzi ndi amayi oyanika usipa pathandala azivala chipewa. Mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 8 sayenera kumwa.

Kuchikope kwenikweniko, nyikani kansalu koyera m'madzi ofunda, kafinyeni, muike pamaso mutatsinzina kwa mphindi zingapo. Kutenthako kumasungunula mafuta ouma amene atseka timabowo tija. Kenaka sisitani chikope pang'onopang'ono cha kunsidze, mupukute. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, ndipo kansaluko musabwerekane ndi wina.