Foni yamakono m'manja mwa nzika: kuiyamba bwino, kuisamala ndi kuteteza ndalama

Uthenga woitana anthu ku msonkhano wa VDC kapena ADC masiku ano ukumafika pa WhatsApp usanamveke pakamwa pa nyakwawa. Ndalama zimene mwana wa ku Lilongwe kapena ku Joni watumizira makolo ake zikumafikira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo magulu ena a banki mkhonde akumasonkha ndi kubweza ngongole kudzera pa foni. Motero kachipangizo kamene kale kanali kongoperekera moni tsopano kakusunga ndalama, makalata ndi zithunzi za banja. Yemwe wataya foni yotere, kapena waulula nambala yake yachinsinsi kwa munthu wolakwika, angathe kuluza ndalama za fetereza wa chaka chonse m'mphindi zochepa. Phunziro lino likulongosola zimene mwini foni ayenera kuchita kuyambira tsiku logula.

Pogula foni

Foni zambiri za m'misika ndi za Android, monga Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, choncho malangizo ali munowa akutsata mtundu umenewu. Wogula asanatulutse ndalama ayimbe *#06# pa foniyo. Pa sikirini padzaoneka nambala yotchedwa IMEI, ya manambala 15, yomwe ili ngati chiphaso cha foniyo. Foni ya simu ziwiri imakhala nazo ziwiri. Nambalayi iyenera kufanana ndi yolembedwa pa katoni. Ailembe m'kope n'kuisunga kunyumba pamodzi ndi lisiti, pakuti apolisi adzaifunsa foni ikadzabedwa.

Foni yogwirapo kale ntchito imafuna maso awiri. Wogulitsa achotse akaunti yake ya Google wogula akuona, kenako afufute zonse. Akafufuta asanachotse akauntiyo, foni imakana kutseguka mpaka italandira pasiwedi ya mwini wake wakale. Wogulitsa amene akuti "ingokaifulashitsani kumsika" nthawi zambiri akugulitsa foni imene si yake, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Palinso foni zogulidwa pa ngongole, zimene zimadzitseka wogula akaleka kulipira. Yotereyi ikagulitsidwa ngongole isanathe, amene amalira ndi wogula wachiwiri.

Simu khadi ikhale m'dzina la mwini wake. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndipo nzika zimalembetsa ndi chiphaso chaunzika cha ku NRB. Komabe m'midzi muli anthu amene akugwiritsa ntchito simu yolembetsedwa ndi mlamu, mnansi kapena mwamuna amene banja linatha naye kalekale. Simu yotere ikatayika, kampani imabwezeretsa nambalayo kwa amene dzina lake lili m'kaundula, pamodzi ndi ndalama zonse zili pamenepo. Kubwereketsa chiphaso kuti wina alembetsere simu yake nakonso n'koopsa: akabera nayo anthu, apolisi adzagogoda pakhomo pa mwini chiphaso.

Tsiku loyamba

Foni ya Android imafuna akaunti ya Google kuti mwini wake athe kutenga mapulogalamu pa Play Store ndi kusunga manambala a anthu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chifukwa chofulumira, amasiyira wogulitsa kapena mnyamata wapamsika kuti awatsegulire akauntiyo, iwo n'kupita kwawo osadziwa dzina lake ngakhale pasiwedi yake. Zinthu zimayenda bwino mpaka tsiku limene foni yafa. Pamenepo manambala onse, a achibale, a mlangizi wa zaulimi, a ogula mtedza, amakhala ali mu akaunti imene mwini wake sangathe kuitsegula. Kupempha thandizo sikulakwa. Koma pasiwedi aisankhe ndi kuilemba yekha mwini foni, aisunge m'kope lomwe lija la IMEI, ndipo nambala yothandizira kubwezeretsa akaunti ikhale yake. Akamasunga nambala ya munthu asankhe kuisunga ku Google, osati pa simu kapena m'foni mokha, kuti ikaonekenso pa foni ina iliyonse imene adzalowetsepo akauntiyo.

Chachiwiri ndi loko wa sikirini. Nambala ya manambala 6 imaposa kachizindikiro kojambula ndi chala, kamene woyandikana naye m'minibasi angathe kukaloweza atangoona kamodzi. Isakhale 1234, chaka chobadwa kapena mathero a nambala ya foni, ndipo isafanane ndi ya Airtel Money kapena Mpamba. Kutsegula ndi chidindo cha chala n'kwabwino foni ikakhala nacho.

Loko wa sikirini sateteza simu. Wakuba angathe kuichotsa n'kuiika m'foni ina, n'kumalandira mauthenga onse a mwini wake. Mu Settings muli malo oikira PIN ya simu, imene imafunsidwa nthawi zonse foni ikayatsidwa. Pamafunika kusamala: ikalakwitsidwa katatu simu imatsekeka mpaka italandira nambala ina yotchedwa PUK, yomwe imalembedwa pa khadi lalikulu limene simu inathyoledwapo kapena kupezeka ku kampani. Khadi limenelo si lotaya.

Pa WhatsApp, mu Settings pansi pa Account, pali Two-step verification, pomwe munthu amaika PIN yake ya manambala 6. Kutero kumatenga mphindi ziwiri zokha, koma kumalepheretsa kuba kumene kwavutitsa magulu ambiri a mipingo ndi a chitukuko. Wakuba amalembera munthu, akudziyesa mnzake kapena mlembi wa gulu, n'kupempha kuti amutumizire manambala 6 amene angofika pa SMS. Manambalawo ndiwo kiyi wa akaunti ya WhatsApp. Akawalandira amalanda akauntiyo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale onse m'dzina la mwini wake.

Za bandulo ndi batire

Dandaulo loti bandulo ikutha msanga nthawi zambiri gwero lake lili m'foni momwemo. WhatsApp imadzitengera yokha zithunzi za m'magulu, ndipo ena anailola kutenganso makanema; izi zimatsekedwa pa Storage and data. Makanema a Facebook ndi TikTok ndiwo amadya kwambiri. Kuyatsa Data Saver kumaletsa mapulogalamu kudya bandulo pamene sakugwiritsidwa ntchito. Koma uthenga woti foni kapena pulogalamu ikufuna update usamanyalanyazidwe mpaka kalekale, popeza ma update amatseka mipata imene akuba amalowerapo. Bwino kuchita zimenezi pa Wi-Fi kapena pa bandulo yotchipa ya usiku.

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Foni isasiyidwe padzuwa, pafupi ndi mbaula kapena pansi pa pilo ikamatchajidwa, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Batire la foni zamakono silifuna kuti lizithera pa ziro. Limakhalitsa likamatchajidwa lisanatsike kupitirira 20 peresenti. Tchaja yotchipa yosadziwika kochokera imapha foni ndipo ingathe kuyambitsa moto. Magetsi a ESCOM akazima ndi bwino kuzula tchaja, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira muyeso, ndipo kukamachita ziphaliwali foni isakhale pa magetsi. Batire likatupa mpaka kukankha chivundikiro kapena sikirini, foni izimitsidwe n'kupita nayo kwa okonza. Batire lotere siliboolewa kapena kuponyedwa pamoto.

Otchajitsa pa sola kapena pa shopu ya pamsika asiye foni ili yokhoma, ndipo achotse memore khadi ngati muli zachinsinsi, pakuti loko wa sikirini sailetsa kuwerengedwa m'foni ina. Chimodzimodzi popita kwa okonza: simu ndi memore khadi zitsale m'thumba. Foni ikagwera m'madzi izimitsidwe pomwepo, isatchajidwe, iumitsidwe pamthunzi podutsa mphepo. Kuikwirira mu mpunga, kumene ambiri amakhulupirira, sikuthandiza kwenikweni.

Akuba a pa foni

Akuba ambiri a pa foni sadziwa luso lililonse lapadera la makompyuta. Amadalira mantha, chisangalalo ndi changu cha amene akumubera. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani wosonyeza kuti ndalama zalowa, kenako amaimba akulira kuti walakwitsa nambala, ndalamazo n'za kuchipatala, zibwezedwe msanga. Wina amati mwana wagwa kusukulu, kapena katundu wochokera kwa m'bale wa ku South Africa wakanirira pa chipata cha Mwanza ndipo pakufunika ndalama zomuombolera. Wina amati munthu wapambana mphoto pa mpikisano umene sanalowe nawo. Wina amadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni n'kumamuwerengera manambala oti adine "kuti akaunti isatsekedwe", pamene manambalawo ndi otumizira ndalama.

Nkhani zonsezi zimafanana pamodzi: zimakana kuti munthu adikire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yemwe wauzidwa kuti walandira ndalama molakwika asakhulupirire uthengawo, koma aone yekha ndalama zimene ali nazo poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Ngati ndalama zalowadi molakwika, wotumizayo akadandaule ku kampani, imene ili ndi njira yake yobwezera. Yemwe wauzidwa za ngozi ya m'bale adule foniyo, aimbire m'baleyo kapena mphunzitsi pa nambala imene akuidziwa kale. Potumiza ndalama, foni imaonetsa dzina la wolandira munthu asanatsimikize, dzinalo liwerengedwe.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya kubanki siiuzidwa kwa wina aliyense. Kampani siifunsa, banki siifunsa, wapolisi saifunsa. Kwa ejenti, mwini foni adine yekha nambalayo ataphimba ndi dzanja, awerenge ndalama asanachoke. Vuto limakula kwa agogo ndi ena osadziwa kuwerenga, amene amapereka foni ndi nambala yomwe kwa aliyense wopezeka pafupi. Banja lisankhe munthu mmodzi wodalirika wowaperekeza, ndipo uthenga wosonyeza ndalama zotsala uziwerengedwa mokweza iwo akumva.

Anthu adziwenso kuti kulembedwa m'ndondomeko ya Mtukula Pakhomo sikulipiritsidwa. Yemwe waimba foni akudzitcha wa ku khonsolo n'kupempha kangachepe kuti dzina lilowe m'kaundula, kapena kuti mwana alembedwe ntchito, ndi wakuba. Nkhani yotere ikafotokozedwe kwa khansala, kwa komiti ya ADC kapena kupolisi, pamodzi ndi nambala imene inaimbayo.

Mapulogalamu atengedwe pa Play Store pokha. Fayilo yothera ndi .apk yotumizidwa pa WhatsApp, ngakhale itachokera kwa mnzake, ingathe kuwerenga mauthenga ndi kuba manambala achinsinsi. Ma linki olonjeza bandulo yaulere kapena thandizo la boma kwa amene atumize uthengawo ku magulu khumi ndi misampha. Pulogalamu ikapempha chilolezo, munthu adzifunse ngati ntchito yake ikufunadi zimenezo. Tochi ilibe chochita ndi manambala a anthu. Mapulogalamu ena okongoza ndalama amatenga manambalawo kuti adzachititse manyazi wokongola kwa abale ake.

Zotumiza ndi ana

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kuvutitsa anthu kudzera pa intaneti, komanso kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Wongotumiza zimene walandira asaganize kuti mlanduwo sungamukhudze. Mphekesera zoti wakutiwakuti ndi mfiti kapena wopopa magazi zaphetsapo anthu m'dziko muno, ndipo foni imaziyendetsa mofulumira kuposa miyendo. Mwana akabwereka foni kuti aonere za kusukulu, kholo lidziwe zimene akuonera ndi amene akulankhula naye. Nambala yaulere ya 116 imalandira madandaulo a nkhanza kwa ana, ndipo 929 ndi ya Chipatala Cha Pa Foni, yopereka uphungu wa zaumoyo. Zonsezi zisungidwe m'foni.

Foni ikabedwa kapena kutayika

Choyamba ndi kutseketsa simu, popeza ndalama zili pa nambala, osati m'foni. Mwini wake abwereke foni aimbire kampani, kapena athamangire ku shopu yake ndi chiphaso. Ngati nambalayo ndi yolumikizidwa ku banki, banki iuzidwe tsiku lomwelo. Kenako apite kupolisi ndi IMEI ndi lisiti, ndipo achenjeze abale kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lake. Amene akudziwa pasiwedi yake ya Google angathe kulowa pa android.com/find kudzera pa foni ina n'kuona pamene foni ili, kuitseka kapena kufufuta zonse, malinga ngati ili yoyaka ndipo ili pa intaneti. Malowo aperekedwe kwa apolisi. Kulondola wakuba yekha n'kuika moyo pachiswe. Simu yatsopano ya nambala yomweyo ikatuluka, kulembetsanso WhatsApp pa foni ina kumatulutsa wakubayo mu akaunti. Manambala osungidwa ku Google amabwerera onse, koma zithunzi ndi mauthenga zimabwerera pokhapokha ngati backup inali yoyatsidwa foni isanabedwe.