Poizoni wa chuku sapsa pamoto

Amayi ndi abambo a ku Phalombe,

Chimanga chikachita chuku, ambirife timangochipeta n'kupita nacho kuchigayo, poganiza kuti zotsalazo zikathera mumphika. Sizitha ayi. Chuku china chobiriwira mwachikasu, chimene chimakhala m'dothi la m'minda mwathu momwemu, chimasiya m'njere poizoni wotchedwa aflatokisini. Poizoniyu saoneka, alibe fungo, ndipo nsima ibwate chotani, iye amakhalamobe.

Amalimbana ndi chiwindi. Munthu akamamudya pang'onopang'ono kwa zaka, angathe kudwala khansa ya m'chiwindi, makamaka ngati ali kale ndi Hepatitis B. Mwana womwa phala la ufa wotere angathe kupinimbira. Poizoniyu akachuluka amapha m'masiku owerengeka: mu 2004 ku Kenya, cha ku Makueni ndi Kitui, anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga cholima okha.

Chuku chimalowera pamene mbozi zaboola chitsononkho, komanso pachimanga chimene chafooka ndi ng'amba kapena chagona m'matope, monga zidachitikira ku Nkhulambe ndi madera ena pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Koma kuno kwathu vuto la chaka ndi chaka ndi chiperoni. Chimatipeza chimanga chili pamikukwe kapena pabwalo, mvula yamawawa n'kuchinyowetsanso.

Choncho chimanga chikakhwima musachisiye m'munda nthawi yaitali, ndipo posenda musaponye zitsononkho padothi. Yanikani pamphasa, palona kapena pathandala. Kukachita chifunga chilowetseni, koma musachiunjike m'matumba chili chonyowa. Chiyaleni pamalo podutsa mphepo. Potonola musamenye ndi ndodo, chifukwa njere yosweka ndiyo imayamba kugwidwa.

Nanga mudziwa bwanji kuti chauma? Kuluma njere kumathandiza, koma mano amanama. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzadza manja ndi masipuni awiri a mchere wouma, tsekani, khutchumulani, n'kulisiya mphindi 15. Khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chibwezereni padzuwa. Mchere ukamangoyenda osamatira, mutha kusunga.

Matumba asanjikeni pamitengo, asagunde pansi kapena khoma, m'chipinda chosadontha. Matumba a PICS, osalowa mpweya aja, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma amafuna chimanga chouma kale. Nkhokwe yakale ikonzeni denga ndi kuisesa musanaikemo chatsopano.

Ntchito yotopetsa, koma yopulumutsa kwambiri, ndi kusankha. Musanapite kuchigayo, khalani pansi ndi lichero, chotsani njere zonse zakuda, zobiriwira, zonyala, zosweka ndi zofumbwa. Njere zochepa chabe zikhoza kuipitsa ufa wa thumba lonse. Kukonola kumachepetsanso poizoni, popeza wambiri amatsalira m'madeya. N'chifukwa chake madeya a chimanga chokayikitsa sayenera kubwereranso mumphika, ngakhale m'miyezi ya njala. Mtedza wosinjira ndiwo kapena phala la mwana usankheni chimodzimodzi.

Tikudziwa kuti kutaya chakudya kumapweteka. Koma zosankhidwazo musaphikire thobwa kapena masese, musagulitse kwa anzanu pamsika, ndiponso musapatse ziweto. Nkhuku zimadwala nazo, ndipo ng'ombe yamkaka ikadya, poizoniyo amatulukira mumkaka. Zikwirireni m'dzenje lakuya kapena zitentheni.

Pokonzekera ulimi wa chaka chamawa, funsani alangizi a zaulimi za Aflasafe, mankhwala ochepetsa poizoniyu amene amamwazidwa m'munda milungu iwiri kapena itatu chimanga chisanamasule.

Wina m'banja akayamba kusanza, kumva kupweteka m'mimba, kutupa mapazi, maso n'kusanduka achikasu, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi, nyamulaniko ufa umene mwakhala mukudya, ndipo wotsalawo musaphikenso kufikira achipatala atakuuzani chochita.