Kuyeza Madzi ndi Kusankha Paipi

Boma la Thyolo ndi lotchuka ndi minda ya tiyi. Umodzi mwa minda imeneyi ndi wa Satemwa, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1923. Mbande za tiyi zimafuna madzi ambiri, koma m'chilimwe mvula siigwa. Nchifukwa chake eni minda anakumba madamu. Pampu imakoka madzi m'damu, ndipo mapaipi amawafikitsa ku nazale. Nawonso alimi a m'midzi yoyandikana ndi mindayi amatenga madzi a pakasupe ndi mapaipi kupita nawo kumaiwe a nsomba.

Mlimi wina anakumba dziwe kumunsi kwa kasupe naikamo makumba. Poumira ndalama, anagula paipi yopyapyala ya theka la inchi. Dzuwa la mu Okutobala litafika, madzi m'dziwemo anayamba kuphwa. M'mamawa nsomba zinali kuyandama kukamwa kuli yasa chifukwa chosowa mpweya. Poona izi, mlimiyo anathamangira kwa mmisiri wa mapaipi wa pamunda wa tiyi.

"Kodi bambo, madzi anu munawayeza?" anafunsa mmisiri.

"Iyayi, achimwene. Kodi madzi oyenda amayezeka?"

Mmisiri anatenga wotchi ndi ndowa ya malita 20. Atatchera ndowa pakasupe, inadzaza pa mphindi imodzi. Atatchera kukamwa kwa paipi, inatenga mphindi 4.

"Mwaona?" anatero mmisiri. "Kasupeyu akutulutsa malita 20 pa mphindi, koma paipi yanu ikufikitsa malita 5 okha. Enawo akungotayika. Gulani paipi ya inchi imodzi. Paipi ikakula kawiri m'mimba mwake, bowo lake limakula kanayi."

Mmisiri anafotokozanso kuti madzi amakhuzana ndi khoma la paipi. Motero paipi ikatalika kwambiri, kapena ikachuluka makhota, madzi amafika ochepa. Nayonso pampu ikamakweza madzi pamtunda wautali, imatulutsa madzi ochepa kusiyana ndi pamalo athyathyathya.

Mlimi uja anagula paipi yaikulu naiyala mowongoka. Posakhalitsa dziwe linadzaza, ndipo nsomba zinapulumuka.

Nzeru imeneyi imagwira ntchito ponseponse. Kumayiko akutali anthu amaweta mbuna za m'nyanja ya Malawi m'mabokosi agalasi. Kapampu kakang'ono kamayendetsa madzi m'bokosimo kuti nsomba zipeze mpweya. Iwonso amayamba ayeza madzi asanasankhe paipi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisanagule paipi, tiyambe tafunsa ndowa ndi wotchi.

MAFUNSO

1. Kodi munda wa Satemwa unatsegulidwa liti?
2. Nchifukwa chiyani nsomba zinali kuyandama m'mamawa?
3. Kodi mmisiri anayeza bwanji madzi?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zimachepetsa madzi m'paipi.
5. Ngati kasupe atulutsa malita 20 pa mphindi, adzatulutsa malita angati pa ola limodzi?

NTCHITO

(a) Pangani ziganizo ndi mawu awa: kuphwa, mbande, makhota, yasa.
(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.
(c) Pitani pampopi ndi aphunzitsi anu. Yezani nthawi imene ndowa itenge kuti idzaze, ndipo mulembe m'makope mwanu.