Halloween Ikafika Pakhomo pa Mkhristu

Chaka changa choyamba ku Leicester, madzulo a pa 31 Okutobala, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza tiana titatu: kena katavala chigoba cha chigaza, kena chipewa chosongoka cha mfiti, kachitatu katadzipaka zofiira kukamwa ngati magazi. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinamenyetsa chitseko n'kuyamba kupemphera. Mwana wanga wa zaka 7, misozi ili lengelenge, anati, "Amayi, wa chipewayotu ndi mnzanga, timakhala limodzi m'kalasi." Mawa lake anapita kusukulu atazyolika. Kuyambira pamenepo sindilolanso kuti tsikuli lindipeze chidzidzimukire.

Mantha athu ali ndi pochokera, musadzione otsalira. Kwathu mfiti si ya m'mafilimu. Tinakula tikumva za otamba, ndipo ena tinaona agogo akupirikitsidwa m'mudzi chifukwa chongoganiziridwa. Chigoba nachonso si chidole. Wokulira ku Dedza, Dowa kapena Mchinji amadziwa kuti chotuluka kudambwe sachitchula munthu koma chilombo, ndipo mipingo yalimbana ndi nkhani imeneyi kuyambira nthawi ya amishoni. Mzungu akaona mwana wavala mafupa amaseka. Ife timaona manda.

Komabe musanagamule, dziwani gwero lake. Dzina loti Halloween limanena za madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse, la pa 1 Novembala, limene Akatolika ndi Aangilikani amasunga mpaka lero. Nyengo yomweyo anthu akale a ku Ireland ndi Scotland ankachita mwambo wa Samhain, wotsekera zokolola ndi kulandira chisanu, pokhulupirira kuti mizimu imayandikira amoyo. Anthu a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840 anapita nayo miyambo yawo ku America, ndipo kumeneko amalonda anaikuza mpaka kufika pa maswiti ndi zovala zimene zadzaza m'masitolo lerozi. Kwa a CCAP ndi a Lutheran, 31 Okutobala ndi tsiku lokumbukira mfundo 95 zimene Martin Luther anatulutsa ku Wittenberg mu 1517.

N'chifukwa chake Akhristu sagwirizana. Ena amakaniratu, potsamira Deuteronomo 18 amene amaletsa maula ndi kufunsira kwa akufa, ndi Aefeso 5 amene amatichenjeza za ntchito za mdima. Ena amatsegula 1 Akorinto 8, pamene Paulo akukamba za nyama yoperekedwa kwa mafano, n'kunena kuti mwana wopempha switi sakupembedza chilichonse. Onsewa amawerenga Baibulo limodzi. Aroma 14 amatiletsa kuweruzana pa nkhani za masiku ndi zakudya, choncho banja la mumpingo mwanu likasankha mosiyana ndi inu, musalinene kumapemphero a amayi.

Choyamba kuchita n'chakuti bambo ndi mayi mukhale pansi sabata ziwiri tsikulo lisanafike, mumange chimodzi. Mwana akamva "ayi" kwa bambo ndi "chabwino" kwa mayi, wataya kale ulemu pa nkhaniyo. Funsaninso aphunzitsi ngati kusukulu kudzakhale zovalavala kapena zovinavina, chifukwa nthawi zambiri zimachitika tsikulo lisanakwane, ana asanatsekere tchuthi chapakati pa teremu. Kalata yaifupi yaulemu imakwanira kuti mwana wanu apatsidwe zina zochita.

Kenako lankhulani ndi mwanayo, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwa. Musamuuze kuti anzake ndi a Satana. Iye amawadziwa, amagawana nawo mapensulo, ndipo akaona kuti mwanama pa ichi adzakayikiranso zina zimene mumamuphunzitsa. Musamuopsezenso ndi nkhani za ziwanda usiku, mungamusowetse tulo pachabe. Muuzeni chifukwa chenicheni. Ine wanga ndinamuuza kuti, "Mwanawe, kwathu anthu anavutika ndi dzina la ufiti, ena mpaka kuwotcheredwa nyumba. Ife sitiseweretsa zimenezo, ndiponso imfa sitiichita nthabwala, chifukwa Yesu anaigonjetsa ndi mtengo waukulu. Anzakowo sakudziwa zimenezi, usawade." Mpatseninso yankho lalifupi loti akanene akafunsidwa, monga lakuti kwathu tsikuli timalisunga mwanjira ina. Mwana wopanda choyankha ndi amene amasekedwa.

Ngati mwasankha kusatengako mbali, n'zosavuta. Kuno ana ambiri amagogoda pa nyumba imene yaika dzungu loyaka kapena zokongoletsa panja. Musaike kanthu, zimitsani nyale yapakhonde. Apolisi a m'madera ambiri amapereka kapepala komata pachitseko kopempha kuti asagogode. Koma chonde musasiye mwana pawindo akuonerera anzake akudutsa ndi zikwama za maswiti. Mipingo yambiri ku Britain imakonza Light Party madzulo omwewo, ndipo bungwe la Scripture Union limathandiza pa zimenezi: masewera, nyimbo, chakudya, zovala zowala. Ngati kwanuko kulibe, itanani mabanja awiri atatu, muphike mandasi, muphulitse chimanga, ana agone atakhuta chisangalalo.

Ngati mwalola kuti apite, chovala musankhe ndinu. Namwino, mkango, woyendetsa ndege, wosewera mpira wa Flames, zonsezi zilipo. Mfiti, mzukwa, chiwanda ndi zamagazi, ine ndimati ayi. Pitani naye nokha, mutenge tochi, chifukwa mawotchi amabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala ndipo pofika 5 koloko kunja kumakhala kutada. Gogodani pokhapo pamene pali zokongoletsa, ndipo mwana asalowe m'nyumba ya munthu. Zovala zambiri za tsikuli n'zansalu yosachedwa kugwira moto, choncho onani chizindikiro cha CE kapena UKCA, ndipo asayandikire kandulo. Maswiti akadye kunyumba mutawaona, makamaka ngati mtedza umamuwenga.

Pali chinthu china chimene sitiganizira: zithunzi. Chithunzi cha mdzukulu atavala zamfiti chikafika pa WhatsApp ya kumudzi, sichifika ndi tanthauzo limene chinali nalo ku Leicester. Chidzazungulira, anthu adzayankhula, ndipo wosenza manyazi adzakhala agogo ake amene sanalakwe kanthu. Ganizirani kawiri musanatumize.

Dzungu ndiye lisakuvutitseni mutu. Ndi chakudya chomwe chija tinkaphika ndi chimanga chachiwisi nthawi yadzinja. Gulani, phikani, nthanga zake mukazinge ndi kamchere.

M'banja mwathu tinagwirizana chonchi: sitivala zoopsa, sitikongoletsa nyumba, madzulo timapita kutchalitchi kukasewera ndi ana ena. Koma pafupi ndi chitseko pamakhala mbale ya maswiti, ndipo mwana aliyense wogogoda tisananyamuke amalandira switi ndi moni wansangala. Mnzake wa chipewa uja anabweranso chaka chotsatira, mayi ake ataima kumbuyo, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ine ndi mayiyo tinadziwana mayina titakhala moyandikana chaka chathunthu. Inu mukhoza kusankha zosiyana ndi zathu, koma khalani pansi nthawi ikadalipo, mwana wanu asadzamve chigamulo chanu chitseko chikugogodwa kale.