MASEWERA NDIWO MANKHWALA A DZANJA LOUMA LA MWANA

M'makomboni ambiri muli ana amene dzanja lao limodzi likhala lofumbata nthawi zonse, cala cacikulu ciri mkati, ndipo mkono uli wopindika pa cigongono. Mwana wotere adya, anyamula zinthu ndi kusewera ndi dzanja limodzi cabe. Kawirikawiri bvuto limeneli licokera ku matenda amene a cipatala awacha cerebral palsy.

KODI MATENDAWA NDI OTANI?

Cerebral palsy ndi kulemala kumene kubwera pamene mbali ina ya bongo wa mwana yaonongeka ali m'mimba, pa nthawi yobadwa, kapena akali khanda. Dotolo wa ku England, William Little, anafotokoza za matendawa m'zaka za m'ma 1860. Pa ana 1,000 obadwa, awiri kapena atatu apezeka nao.

Zina zimene ziononga bongo ndi izi: kubadwa masiku asanakwane, kucedwa kupuma kaamba ka kubvutika pobadwa, cikasu cacikulu m'masiku oyamba, malungo a m'bongo ndi matenda oumitsa khosi. Matendawa sapatsirana, si ufiti, ndiponso si cilango kwa amai a mwana.

Pamene paonongeka m'bongo sipakula ai, koma dzanja likangokhala osagwira nchito, minyewa ifupika ndipo mfundo ziuma. Cotero mwana akula wosatha kudzibveka, kumanga mabatani kapena kugwira buku polemba ku sukulu.

CIFUKWA NINJI MASEWERA?

Bongo wa mwana wamng'ono uphunzira msanga, ndipo uphunzira pa kubwereza. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, anaonetsa kuti ciwalo cofooka cikalephera kangapo, mwini wace aleka kuciyesa, ngakhale kuti mphamvu pang'ono ikalimo. Ndi mmene mwana aiwalira dzanja lace.

Kuthira mafuta ndi kusisita mkono sikukwanira, pakuti pamenepo wogwira nchito ndi mai, osati mwana. Dzanja liphunzira pamene mwini wace alitambasula yekha kuti atenge cimene afuna. Mwana sangabvomere kutambasula mkono ka 50 cifukwa couzidwa, koma pa ng'oma kapena pa mpira acita zimenezi osadziwa kuti ali pa mankhwala.

NJIRA ZIWIRI

Njira yoyamba ndi kubveka sokosi kapena kathumba kansalu ku dzanja labwino kwa kanthawi kocepa, kuti mwana asewere ndi dzanja lofookalo. Njirayi iyenera kuyamba ndi uphungu wa akatswiri olimbitsa ziwalo a ku cipatala, amene ambiri awacha a fiziyo. Dzanja labwino lisamangidwe ndi cingwe, ndipo sokosi ibvulidwe masewera akatha.

Njira yaciwiri ndi masewera ofuna manja onse awiri, dzanja lina kugwirizira pamene linzace ligwira nchito. Kufufuza kwa madotolo kwaonetsa kuti njira ziwirizi zithandiza ngati mwana acita tsiku ndi tsiku kwa milungu yambiri.

MASEWERA A PA NYUMBA

Zidole za m'sitolo si zofunika. Zinthu za m'nyumba zikwanira.

1. Kuimba ng'oma pa cigubu kapena pa poto wobvundikira. Izi zitsegula zala ndi kuongola cigongono.

2. Kuwakha ndi kukankha mpira waukulu wa mapulasitiki. Mpira waukulu sugwirika ndi dzanja limodzi.

3. Kuthira madzi kapena mcenga kucokera m'kapu ina kupita m'kapu inzace. Nthawi yosamba ndi yabwino pa masewerawa, koma mwana asasiyidwe yekha pa beseni.

4. Kuumba ng'ombe ndi timiphika ta dothi, kapena kukanda ufa wa vitumbuwa pamodzi ndi amai.

5. Kung'amba manyuzipepala akale, kutsegula mabotolo, ndi kupanika mapegi a zobvala m'mphepete mwa mbale.

6. Kwa ana okulirapo, nsolo, ciyato ca miyala ikuluikulu, ndi masanje pamodzi ndi anzao.

Poyamba mwana apatsidwe zinthu zazikulu ndi zopepuka, ndipo ziikidwe ku mbali ya dzanja lofooka. Akazolowera, ndiye apatsidwe zocepako kapena ziikidwe patali pang'ono. Maminiti 10 kapena 15, katatu kapena kanai pa tsiku, aposa ola lathunthu la misozi.

Mwana akhale bwino, mapazi ali pansi ndi msana wocirikizidwa, pakuti amene aopa kugwa satambasula manja. Bungwe la APTERS pa University Teaching Hospital mu Lusaka lipanga mipando ya ana otere ndi makatoni ndi mapepala.

ZOYENERA KUSAMALA

Mwana wosakwana zaka 3, kapena amene akali kuika zinthu m'kamwa, asapatsidwe nyemba, timiyala ndi tuzitsekero ta mabotolo, cifukwa zingamtsamwe. Ana ena otere samva bwino kutentha pa dzanja lofookalo, motero asasewere pafupi ndi mbaula. Zala zisatambasulidwe mokakamiza. Mwana akalira kapena akatopa, masewera aime. Ngati agwa khunyu, apite ku cipatala, popeza mankhwala ace alipo.

Nchitoyi si ya amai okha. Atate, ambuya ndi akulu ace a mwana onse atengeko mbali. Kubisa mwana m'nyumba kaamba ka manyazi ndi kumlanda anzace, amene ndiwo aphunzitsi oposa pa masewera.

KUYAMBA MSANGA

Masewera sacotsa cerebral palsy, ndipo ana sapita patsogolo mofanana. Koma dzanja limene laphunzira kugwirizira mbale, kukoka kabudula ndi kupanikiza buku lipeputsa moyo wa mwana ndi wa banja lonse.

Khanda limene lifumbatabe dzanja patapita miyezi 4, kapena ligwiritsa nchito dzanja limodzi lokha lisanakwane caka, lionetsedwe kwa anamwino pa tsiku la sikelo. Iwo adzalitumiza kwa a fiziyo ku cipatala cacikulu, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Makolo asayembekeze kuti mwana ayambe wayenda.